Khalani Pansi, Mungagwe

Pali mawu amene amamveka m'nyumba zambiri muno mu Chilenje, ku Kabwata ndi ku Chelstone, paliponse pamene pali munthu wokalamba amene anagwapo kamodzi. Ambuya akangogwira tsache, wina amafuula ali kukhitchini: "Siyani ambuya, khalani pansi, mungagwe!" Akafuna kupita kumsika, ayi, tituma mwana. Akafuna kupita ku Chigwirizano, ayi, tidzakuuzani zimene akambe kumeneko. Mawuwa amachokera mumtima wabwino, ndipo owanenawo ndi omwe amagona osagona kusamalira kholo lawo. Komabe, azimai anzanga, funso limene landivuta poyendera odwala m'nyumba zathu ndi ili: kodi tili ndi ufulu wolanda munthu wamkulu ntchito zake, maulendo ake ndi anzake, pofuna kusunga mafupa ake? Nanga mafupawo tikuwasungadi?

Tiyambe ndi msana, pakuti mantha athu amayambira pamenepo. Msana ndi timafupa tosanjikizana ngati njerwa, ndipo 24 mwa ito, kuchokera m'khosi kufika m'chiuno, ndi timene timalola munthu kuwerama ndi kutembenuka. Fupa ndi chinthu chamoyo. Tsiku ndi tsiku thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano, ndipo kufikira zaka za m'ma 30 kumanga kumaposa kugumula. Mai akasiya kupita kumwezi, chinthu china cha m'thupi chotchedwa estrogen chimachepa, ndiye kugumula kumayamba kuthamanga kusiya kumanga m'mbuyo. Fupa limasanduka ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, kunja yooneka bwinobwino koma m'kati muli mphako zokhazokha. Matendawa madokotala amawatcha osteoporosis. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati pa dziko lonse mai mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa, ndipo kwa azibambo ndi mmodzi mwa asanu.

Fupa la mumsana likafooka chotere silithyoka ngati nkhuni. Limangofwaphira ngati chitini chopondedwa. Sipafunika ngozi yaikulu ayi: kunyamula chigubu cha madzi, kutsokomola mwamphamvu, kukhala pansi mwadzidzidzi, ngakhale minibasi kugunda dzenje pamsewu. Ena amamva ululu woopsa, ena amangoti msana wavuta monga mwa masiku onse, n'kumwa Panadol. N'chifukwa chake mwa kuthyoka kutatu kulikonse kotere, kumodzi kokha ndiko kumadziwika kuchipatala. Ife timangoona kuti ambuya afupika, diresi lawo la kale likukwekwereza pansi, msana wapindika, ndiye timati ndi ukalamba. Munthu amene wafupika ndi masentimita 4 kapena kupitirira poyerekeza ndi mmene analili pa utsikana wake ayenera kujambulidwa X-ray. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2001 anapeza kuti mwa azimai amene fupa limodzi la mumsana lathyoka, pafupifupi mmodzi mwa asanu amathyokanso lina chaka chisanathe. Ndiponso msana ukapindika, mutu ndi chifuwa zimatsogola, maso amayang'ana pansi, ndipo kaphazi kakangophonya pang'ono thupi lonse limapita.

Kale kunkamveka zoti matendawa ndi a azungu, ife akuda mafupa athu ndi olimba. Ofufuza a ku South Africa atajambula misana ya azimai akuda ndi oyera anapeza kuti kuthyoka kwa mumsana sikusankha khungu. Kwathu kuno palinso zina zowonjezera. Kachilombo ka HIV kamafooketsa mafupa, ndipo mankhwala a tenofovir, amene dziko la Zambia linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2007, nawonso amachepetsako kulimba kwa mafupa. Azimai amene anayamba ma ARV zaka zimenezo ali ndi ana ang'ono, lero ndi agogo. Pasapezeke wina wosiya mankhwala chifukwa cha mawu angawa. Ma ARV ndiwo awafikitsa pa ukalambawo. Chofunika n'kuuza a chipatala za msanawo kuti iwo aone chochita. Chimodzimodzi amene amwa prednisolone kwa miyezi yambiri chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi. Ndipo si msana uliwonse wopindika umene uli osteoporosis. TB imalowanso mumsana, khansa nayonso. Ululu wa msana ukabwera pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, kapena miyendo ikachita dzanzi ndi kufooka, kapena mkodzo ukayamba kutuluka wokha, musadikire kuti kuche kawiri. Chipatala cha Chilenje chili pafupi, ndipo iwo amadziwa nthawi yotumiza munthu ku UTH.

Choncho mwana wamkazi amene amafuula kuti "mungagwe" si wopusa. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, oposa 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakati, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Amene anasamalirapo kholo lothyoka fupa la m'chiuno sasowa manambala. Amakumbukira kugona pansi pafupi ndi bedi la m'chipatala, kutembenuza wodwala usiku, zilonda za pamsana, ndalama za sukulu zimene zinapita ku mankhwala. Munthu wotere ukamuuza kuti alole amai ake aziyenda, amakuyang'ana ngati wamisala, ndipo ine sindingamuweruze.

Koma mpando uli ndi ngozi yake, imene siichita phokoso. Mu 1966, mumzinda wa Dallas ku America, madokotala anagoneka pabedi anyamata asanu athanzi, a zaka 20, kwa masabata atatu osadzuka. Patapita zaka 30 anawaitananso n'kuwapima, ndipo anapeza kuti masabata atatu aja anafooketsa mphamvu ya mtima wawo kuposa mmene zaka 30 za kukula zinachitira. Awa anali anyamata. Nanga ambuya a zaka 78 amene tawakhazika pa sofa kuyambira Khirisimasi? Minofu ya m'ntchafu imasungunuka, fupa losasenza thupi limapitiriza kufumbwa, ndipo miyendo imaiwala kudzigwira. Tsiku lina pakhomo palibe munthu, iwo afuna kuchimbudzi, adzuka okha, ndipo kugwa kumene tinkathawa kuja kwafika. Wansembe Eli, wa zaka 98, wakhungu ndi wonenepa, sanagwe ali paulendo. Anagwa chagada kuchokera pampando wake pafupi ndi chipata.

Ku New Zealand, John Campbell ndi Clare Robertson a ku University of Otago anayesa njira yosiyana. M'zaka za m'ma 1990 anayamba kuphunzitsa okalamba, poyamba azimai a zaka 80 ndi kupitirira, timasewera tochitira m'nyumba zawo zomwe: kudzuka pampando ndi kukhalanso kangapo, kuima ndi zala za kumapazi atagwira tebulo, kuyenda chammbali, kuyenda moponda chidendene kutsogolo kwa zala. Ankachita katatu pa sabata, masiku ena n'kumayenda panja. Kugwa kunachepa ndi pafupifupi 35 pa 100. Palibe makina, palibe jakisoni. Ngakhale amene fupa la mumsana langothyoka kumene, madokotala masiku ano samugoneka kwa nthawi yaitali. Amamupatsa mankhwala a ululu, apume masiku ochepa, kenaka adzuke pang'onopang'ono, ndipo kwa ambiri ululu waukulu umatsika pakati pa masabata 6 ndi 12. Wotereyu asayambe masewera mwa yekha. A physio ndiwo amuonetse zoyenera msana wake. Ife a mu Chilenje tili ndi chitsanzo cha pakhomo. A Kenneth Kaunda, amene anakhala m'nyumba nambala 394 kuyambira 1960 mpaka 1962, anathamangira kuguwa pa maliro a Nelson Mandela ku Qunu mu December 2013 ali ndi zaka 89, dziko lonse likuona. Si onse adzathamanga pa zaka zimenezo, koma miyendo ija sinasungidwe ndi kukhala.

Tsono ngati kukhazika munthu pansi sikumuteteza, n'chifukwa chiyani timakukonda chotere? Apa ndi pamene nkhaniyi imaleka kukhala ya chipatala. Ndikuganiza kuti nthawi zambiri mantha amene tikuthawa ndi athu. Ambuya akagwa ali kusesa pakhomo panga, abale a ku Katete kapena ku Petauke adzafunsa kuti, "Munawatengera ku Lusaka kuti akhale wantchito wanu?" Koma akafooka pang'onopang'ono pa sofa mpaka kulephera kudzuka, palibe adzandiloze chala, onse adzati ndi ukalamba, mwana uja anayesetsa. Kugwa kuli ndi tsiku, kuli ndi mboni, kuli ndi woti aimbidwe mlandu. Kufooka kulibe. Ndiye timasankha choipa chimene sichidzatchula dzina lathu, n'kuchitcha chikondi. Sindikunena kuti chikondicho palibe. Chilipo, koma chasakanizika ndi kudziteteza, ndipo mpofunika kupeta kuti tione mankhusu ndi ati.

Taganizirani zimene timachotsa. Mai amene kwa zaka 60 wakhala woyamba kudzuka, wosesa bwalo, wodziwa mtengo wa tomato pamsika, woitanidwa pakakhala mwana wobadwa kapena mtsikana wolangizidwa, lero akuuzidwa ndi mdzukulu wa Grade 5 kuti akhale pansi. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo talitsekera m'chipinda chakumbuyo ndi wailesi. Kusukulu ndimaona chomwechi ndi ana: mwana amene umamuchitira chilichonse amaphunzira msanga kuti iye sangathe kanthu. Wamkulu amaphunziranso phunziro lomwelo, ndipo kwa iye limawawa koposa chifukwa akukumbukira nthawi imene ankatha. Ena amaleka kudya bwino, ena amangoti chete. Lamulo lachisanu limatiuza za ulemu kwa makolo, ndipo ulemu ndi woposa kudyetsa ndi kufunditsa. Ngakhale mbuzi timaidyetsa n'kuimangirira kuti isapite kumsewu. Munthu amafunsidwa.

Nkhani ya Barizilai, pa 2 Samueli 19, imandithandiza. Mfumu Davide anafuna kutenga nkhalamba ya zaka 80 imeneyi kupita nayo ku Yerusalemu kuti akaisamalire kunyumba yachifumu, pobwezera zabwino zimene inamuchitira pa nthawi ya mavuto. Barizilai anakana, nasankha kubwerera kumudzi kwawo kufupi ndi manda a makolo ake. Davide anali ndi mphamvu zonse zomukakamiza, ndiponso cholinga chake chinali chabwino, koma anamudalitsa n'kumulola apite. Ife kawirikawiri sitifunsa. Timatumiza galimoto kumudzi, n'kubweretsa amai ku Woodlands kapena ku Kabulonga, m'nyumba ya matailosi onyezimira, masitepe, mpanda wautali ndi geti lokhoma. Kumudzi ankadziwa mwala uliwonse wa panjira ya kuchitsime, ngakhale mumdima. Kuno ndi mlendo amene sadziwa pamene pali switch ya magetsi. Nthawi zina kuwabweretsa n'koyenera ndithu, makamaka chipatala chikakhala kutali. Koma tisadzinamize kuti nyumba yokongola ndiyo nyumba yosagwetsa.

Ine ndimati ngati pali wina woyenera kusintha, ayambe ndi wamphamvu. M'malo mochotsa ambuya panjira, tichotse zimene zili panjira ya ambuya. Ndipo pano ndikhudza chinthu chimene ife azimai a mu Lusaka timachinyadira: simenti yofiira yopakidwa Cobra, yopukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope. Tinaphunzitsidwa kuti mai waukhondo amadziwika ndi khonde lake, ndipo alangizi anatiuza zoona. Koma khonde lomwelo, mvula ya December ikawazapo, kapena munthu akapondapo atavala masokosi, limasanduka thanthwe la mumtsinje. Kodi ndingalole kuti khonde langa lizimiririke, anzanga a mumpingo aziti mai uja wayamba ulesi, kuti apongozi anga aziyenda momasuka? Funsoli likuoneka laling'ono, koma yesani kulifunsa pa msonkhano wa azimai muone mmene nkhope zisinthire. N'kosavuta kuuza wokalamba kuti asiye moyo wake kusiyana ndi kuti ine ndisiye polishi. Chimodzimodzi timakapeti tating'ono ta pakhomo timene timatsetsereka, zingwe za magetsi zodutsa pakati pa chipinda, zidole za ana, ndi tebulo lagalasi lija loikidwa pakati penipeni pa njira.

Usiku ndiwo woopsa kwambiri. Okalamba ambiri amadzuka kawiri kapena katatu kukataya madzi, ali ndi tulo m'maso, ndipo m'nyumba zina chimbudzi chili panja. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita maola 17 ndi kupitirira pa tsiku, ndipo tinaona mmene mdima umasandutsira nyumba yodziwika kukhala tchire. Tochi kapena kanyale ka sola kakhale pamene dzanja lifika munthu ali chigonere. Ndowa yokhala ndi chivundikiro pafupi ndi bedi si chamanyazi. Makolo athu ankachita zimenezi kalekale. Akadzuka, ayambe akhala pamphepete pa bedi kanthawi asanaime, chifukwa magazi amachedwa kukwera kumutu, makamaka kwa amene amamwa mankhwala a BP. M'bafa muikidwe mpando wolimba ndi chogwirira chokhomedwa kukhoma; wowotcherera zitsulo aliyense pamsika angakupangireni. Mapatapata otha kunsi atayidwe, pabwere nsapato zogwira chidendene, ndipo chitenge chimangidwe pamwamba pa akakolo.

Mankhwala onse amene ambuya amamwa, a kuchipatala, ogula okha ndi opatsidwa ndi anzawo, muwaike m'kathumba kamodzi mupite nawo kwa dokotala awaone pamodzi. Ogonetsa monga diazepam, ngakhale Piriton, amachititsa chizungulire. Maso apimidwe, pakuti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi ndipo munthu amaonanso sitepe imene ankaiphonya. Wodwala shuga aonetse mapazi, chifukwa phazi la dzanzi silimva pamene laponda. Alipo mankhwala olimbitsa mafupa, monga alendronate womwa kamodzi pa sabata, ndipo amene wathyokapo kale msana afunse za iwo. Pa chakudya tili ndi mwayi: kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, mabisi, bondwe ndi masamba ena obiriwira zili ndi calcium, nyemba ndi nshawa zimamanga minofu, ndipo dzuwa la m'mawa pakhungu limapatsa thupi vitamin D. Wotsekeredwa m'nyumba amamanidwa ngakhale dzuwa laulerelo.

Izi sizitanthauza kuti ntchito iliyonse ndi yabwino kwa msana wothyoka. Adani ake ndi kuwerama kwambiri, kupotokola thupi mwadzidzidzi ndi kunyamula zolemera. Tsache lathu lalifupi limapinda munthu pakati, kuchapa m'beseni lili pansi chimodzimodzi, ndipo chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Koma yankho la tsache lalifupi ndi tsache la mpini wautali. Beseni likwere patebulo, mbaula ikhale pamalo okwera ndi okhazikika, mphika waukulu anyamule mdzukulu koma mchere alawe ambuya. Mwana wakhanda amulandire atakhala, m'malo momutola pansi kapena kumubereka. Kumsika apite, m'mawa kusanadzaze anthu, ndi wina pambali pawo wonyamula thumba ndi woyang'ana ngalande za m'mbali mwa msewu. Zimenezi zimadya nthawi, ndipo ulendo wa mphindi khumi umatenga ola. Apa ndiye pali mtengo weniweni wa nkhaniyi, ndipo suyenera kugwera mwana wamkazi mmodzi yekha pamene alongo ake amangotumiza ndalama pafoni n'kumafunsa mafunso.

Ndodo nayo ili ndi nkhani. Azimai ambiri amaikana, amati ndi ya nkhalamba, ena amaopa kunenedwa zina zimene okalamba oyenda ndi ndodo amanenedwa m'makomboni mwathu, zimene ndi tchimo la ife onena. Ndodo yoyenera imafika pamfundo ya dzanja munthu ataima chilili manja ali pansi, ndipo kunsi kwake kukhale mphira. Mai mmodzi wolemekezeka akalowa nayo m'tchalitchi mutu uli m'mwamba, ena atatu amatulutsa zawo zimene anabisa kuseri kwa chitseko.

Miyambo yathu ya ulemu iyeneranso kuyang'anidwa. Pamaliro azimai timakhala pansi m'nyumba, n'kugona pomwepo pa simenti masiku awiri kapena atatu, pamene azibambo ali pamipando panja. Kwa mai wa msana wothyoka, kutsika pansi ndi kudzukanso ndi nthawi ya ngozi, ndipo ambiri amapirira chifukwa choopa kuoneka odzikuza pamaso pa ofedwa. Ena amangoleka kupita kumaliro, ndipo tikudziwa tanthauzo la zimenezo pakati pathu: wosapita kumaliro a anzake wadzichotsa pa gulu. Chigwirizano chingathe kukonza izi popanda ndalama. Atsogoleri akangonena poyera kuti mpando wa m'nyumba ya maliro ndi wa amai akutiakuti, ndipo mmodzi wa ife awukokere yekha n'kuwakhazikapo, palibe adzanong'one. Kugwada popereka moni kapena chakudya nakonso tiwamasule. Anagwada zaka zokwanira.

Chovuta chimatsala pamene ambuya amva zonse, amvetsa, koma akuti, "Ndipita ndekha kutchalitchi, ndakhala ndikuyenda njira imeneyi musanabadwe." Ngati nzeru zawo zili bwino, ine ndimati mawu omaliza ndi awo. Tiwauze zoona mosabisa, kuti fupa lina likhoza kuthyoka ndi kuti zikatero mtolo udzagwera nyumba yonse, chifukwa nawonso ali ndi udindo kwa amene amawasamalira. Tipemphe kuti atenge ndodo, apite ndi mdzukulu, asayende mvula ikagwa. Koma kukhoma geti ndi kubisa kiyi kwa munthu wa nzeru zake ndi kumuika m'ndende popanda mlandu. Zimasiyana pamene mutu wayamba kuiwala, munthu osadziwanso njira yobwerera kwawo. Pamenepo geti likhomedwe ndithu, koma ngongole ya kuyenda imakhala pa ife: wina awagwire dzanja madzulo alionse, azungulire nawo bwalo kapena afike nawo pakona ya msewu ndi kubwerera.

Ndipo tsiku limene adzagwe, pakuti ngakhale m'nyumba yokonzedwa bwino anthu amagwa, musathamangire kuwakoka m'khwapa. Afunseni pamene pakupweteka. Ngati ndi m'chiuno, mumsana kapena m'khosi, ngati mwendo wina waoneka waufupi kapena wapotokera kunja, ngati amenya mutu, asiyeni chigonere, afunditseni, itanani thandizo. Ngati palibe chotere, atembenukire chammbali, agwade ndi manja ndi maondo, akwawire kumpando wolimba, aike phazi limodzi pansi n'kudzikweza okha inu mukuchirikiza. Akapuma, pitani nawo kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, ndipo mukauze a nesi mmene anagwera, nthawi yake, ndi chimene anali atavala kumapazi.